Chitunda cha Bambo Kankhani

Mvula inali itagwa masiku anayi osakata, ndipo m'tauni monse ndi Bambo Kankhani okha amene ankaithokoza. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akumwetulira okha. Akazi awo anakhala pambali, chikwama chili pamiyendo, akusuzumira pansi pomwe magalimoto a anthu wamba ankadutsa.

Dzina loti Kankhani sanabadwe nalo. Analitola chaka chatha pa chitunda cha kwawo kwa akazi awo. Tsikulo ankachokera kuchipatala ndi apongozi awo aakazi, akazi awo ndi mlamu wawo, mchimwene wa akaziwo, atawakweza mu chipikapu chawo chakalekale, chija chachitali ngati basi. Njira yonse ankadzitama kuti galimoto yawo siidziwa matope. Pakati pa chitunda inatitimira mpaka m'zitseko. Akazi awo anatsika, mlamu wawo anatsika. Iwo anatulutsa mutu pawindo n'kumakuwa kuti, "Kankhani! Kankhani, anthu inu!" osadziwa kuti apongozi nawonso atsika, bandeji ili pabondo. Tayala linazungulira n'kuwapaka matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Apongoziwo anangopukuta magalasi awo n'kukwera chitundacho wapansi.

Manyazi amenewo sanawachoke. Analumbira kuti sadzapondanso kumeneko mpaka galimoto yomweyo itakwera chitundacho yokha, mvula ili mkati. Anaikanso lamulo m'nyumba: msewu umenewo usamatchulidwe, ngakhale mwangozi.

Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo, choncho zida zinalipo. Makasitomala a mageti ndi mawindo ndiwo anadikira mpaka kutopa. Kwa miyezi khumi ndi umodzi anthu ankangoona mapazi awo atatulukira kunsi kwa galimoto. Anachotsa masipuling'i otopa n'kuikamo olimba, galimoto n'kukwera mpaka chitseko kufika pachifuwa. Anasakasaka difu yakutsogolo kwa ogulitsa zitsulo zakale kuti matayala onse anayi azikoka. Anadula mabodi a m'mbali kuti matayala a mano ngati a thirakitala akwane. Kutsogolo anawotcherera bampala ya njanji, n'kumangirirapo chingwe chachitsulo chodzikokera. Paipi yopumira injini anaikweza mpaka padenga, kuti ngakhale mumtsinje isamwe madzi. Chala chimodzi chinaphwanyika ndi jeke, nsidze zinapsa kawiri. Akadziyang'ana pakalilole ankadziseka okha, n'kumati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Akazi awo ankapita kukaona mayi awo mwezi uliwonse, n'kubwerako nsapato zili mbee. Bambo Kankhani ankaona zimenezo, mtima n'kufewa. Mkazi wabwino, ankatero mumtima, amatsukira nsapato panjira kuti asandikumbutse.

"Bambo a kunyumba, koma msewu uja..." akazi awo anayesapo tsiku lina.

"Mayi, lamulo lija silinathe."

Anayesanso kawiri, kenako anangowasiya.

Mlamu wawo uja, yemwe anali atapeza kaganyu kwinakwake, anabwerako kamodzi atavala chibulumandi chachikasu, chovala cha kuntchito. Anazungulira galimotoyo, n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, kodi mukupita kunkhondo?"

"Mudzaona."

"Ayi, odzaona ndinu."

Anachoka atasiya zidindo zakuda zomata pasimenti ya m'galaja, zochokera ku jombo zake. Bambo Kankhani anazipala ndi fosholo akung'ung'udza za achibale opanda mwambo.

Lero tsiku linali litakwana. Anakweza akazi awo ndi kamakwerero kamene anawapangira mwapadera, n'kunyamuka. Matayala ankalira pamsewu waukulu ngati ndege, moti kuyankhulana kunali kosatheka, ndipo iwo zimenezo zinawakomera.

Atatsala pang'ono kufika pokhotera, kuseri kwa mitengo yowirira imene imabisa chitundacho, anaimitsa. Anatsika mvula ikuwamenya. Anaphwetsako matayala onse pang'ono kuti agwire bwino m'matope. Anakhoma ziloko za matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka. Anakoka chingwe chija kuti aone ngati chili bwino. M'bodi munali fosholo, matabwa awiri ndi jombo zatsopano. Anakweranso ali chinyowere, malaya atamatirira kumsana.

Apa mantha anawagwira, mantha enieni. Akatitimiranso lero, dzina lija lidzapita nawo kumanda, ndipo apongozi adzapitiriza kuwapatsa moni akuyang'ana kumbali. Anapuma mwamphamvu, n'kuponya giya yamphamvu ija, yoyenda pang'onopang'ono.

"Mayi, gwiritsitsani. Chilichonse chichitike, lero musatsike."

Akazi awo anangotsegula chikwama n'kuyamba kudula zikhadabo.

Injini inabangula. Chigalimotocho chinakwawa, n'kukhota kuseri kwa mitengo ija, bampala ili patsogolo ngati nkhosa yofuna kugunda.

Chitunda chinalipo ndithu, ndipo pa icho panayalidwa msewu wa tala wakuda bii, wosalala, mzere woyera uli pakati.

"Anaukonza miyezi isanu ndi itatu yapitayo, achimwene ndiwo ankathira talayo," akazi awo anatero osadzutsa mutu. "Tasunthirani kumbali, apongozi anu akufuna kudutsa ndi njinga yawo."