Mutu wa a Chikakuda

Chibwerereni lamulo loti magetsi azipita kunyumba zochita bizinesi zokha, Nasibeko sanakhale pansi. Anagula sizasi, n'kukhoma galasi pakhonde, pansi pa kabokosi ka boma kokhala ndi diso. Kabokosiko kankayatsa magetsi kakaona kasitomala akuthandizidwa. Kakapanda kuona, nsomba za m'firiji zinkaola.

Tsoka lake, mudzi wonse unaganiza chimodzimodzi. Khomo lililonse linatsegula pometera, ndipo sabata isanathe amuna onse anali ndi mipala. Mutu watsitsi unatsala umodzi wokha, wa mwamuna wake, a Chikakuda.

"Bambo a Tiyamike, takhalani apa," anatero Nasibeko kwa mwamuna wakeyo, akugwedeza mpando.

"Mayi, si paja munandikondera tsitsi lomweli?"

"Ndinakukonderani mumdima. Pano ndikufuna ndizikuonani."

Anakhala monyinyirika. Nasibeko anangodula pang'ono pamwamba pa khutu, firiji n'kuyamba kulira, wailesi n'kubangula. Anavina kuzungulira mpandowo sizasi ili m'mwamba, chitenje chikumasuka.

Nabanda, woyandikana nawo, anasuzumira pampanda. "Asisi, tandibwerekeniko bambowo ndiwamete. Mbali ya kumanjayo yokha. Mkaka wanga ukusasa."

Nasibeko asanayankhe, a Chikakuda anadziyang'ana pagalasi, n'kusisita tsitsi lawo pang'onopang'ono ngati mlimi woyendera munda wake.

"Mbali ya kumanja mtengo wake ndi nkhuku yathadzi," anatero. "Ndipo inu mayi a Tiyamike, nkhongoyi musaikhudze, mtengo wake ndi kamwana ka mbuzi. Ndamva kuti kwa a Mbewe mbuzi yaswa."

Nasibeko anaseka mpaka anakhala pansi. Kenako anathamangira m'nyumba kukawatengera chipewa, kuopa kuti katunduyo angapse ndi dzuwa.