Chibangili cha Lufeyo

"Usamavule chimenecho, mwanawe, chidzakupulumutsa," anatero aNasimango. Mwana wawo Lufeyo anangoseka.

M'mudzimo aliyense wodwala shuga ankavala chibangili choyeza shuga, mafuta ndi kuthamanga kwa magazi. Chikafiira, kugolosale ankakukaniza mchere, ndipo mtima ukasokonekera, chinkaitana chokha ambulansi. ANasimango ankamwa mankhwala osadumphitsa, chawo chili chobiriwira. Lufeyo, pofuna kanyenya wamchere, ankaveka chake mlamu wake wathanzi.

Tsiku limene Lufeyo anagwa kudimba, chibangili chinali kumpira ndi mlamuyo. Mwamwayi, amake ankamuzonda kuseri kwa nthochi, ndipo anakuwira m'chibangili chawo: "Bwerani, mwana wandifera kuno!"

Anachira, koma dzanja lamanja linafooka. Amake anamuveka chibangilicho kumanzere, kumene sangathenso kuchivula yekha.