Galimoto ya Mtchona

Inali sikisi koloko m'mawa, Lamlungu la mwezi wa Juni, ndipo chisanu cha ku mgodi wa Eiffel Flats, kutsidya kwa Zambezi, chinkaluma makutu. Pakhomo pa a Morrison Chalo anthu anali atadzaza ngati pa ukwati. Galimoto inali itasenza kale katundu: mabokosi awiri, makina osokera, njinga, ndi bedi lachitsulo miyendo ili m'mwamba. Atakumba golide wa eni kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, a Morrison ankabwerera kwawo ku Dedza.

Komboni yonse inkaudziwa ulendowu. Chaka ndi chaka bamboyo ankamenya tebulo ku bhiyaholo, kumene ankamwera mowa. "Ine si mtchona ngati inu! Ndidzapita kwathu, ndiponso osati pa sitima ngati thumba la chimanga. Ndidzalowa m'mudzi ndikuliza hutala."

Nyimbo yotsanzikana inatha, pemphero linatha. A Morrison anakhala pa chiwongolero, jekete itamangidwa mabatani onse. Injini inangoti gwe, gwe, gwe, kenaka zii.

Maso onse anatembenukira kwa Zefaniya, mnzawo wa a Morrison amene ankamutenga ngati mphwawo. Ku galaja ya ku Gatooma ntchito yake inali yopatsira mzungu masipanala, koma m'komboni ankamutcha Injiniya, ndipo dzina limenelo ndilo chuma chokha chimene anali nacho. Ndiye anakaikoka galimotoyi ku famu ina ya ku Hartley, kumene nkhuku zinkaikiramo mazira. Anaikonza Lamlungu lililonse kwa miyezi inayi. Dzulo lake lomweli anali atanena pagulu kuti ikafika ku Dedza osatsokomola n'kamodzi komwe.

"Faka moto, Injiniya!" anakuwa a Nowa, nkhalamba imene inasiya mapapo ake mumgodi koma pakamwa inatuluka napo. "Kapena dzira lina munaliiwala m'paipi?"

Anthu anaseka. Ndipo mwadzidzidzi aliyense anasanduka makanika. Wina anati batire yamva chisanu, aifunditse bulangete. Mkulu wa mpingo anati nzosadabwitsa, ulendo wa pa Sabata. Mayi wina ananong'ona mokweza kuti pali amene waimanga, ndipo akumudziwa. Amuna khumi anaikankha mpaka ku mpopi wa madzi, naibweza, thukuta lili kamukamu. A Morrison ndiwo ankakalipa kuposa onse.

"Zefaniya, mphwanga, wandichititsa manyazi! Dzuwa likakwera, Mtoko tikafikako liti?"

Zefaniya anatsegula boneti nayamba monga ankaonera ku galaja. Hutala inalira bwino, ndiye kuti batire ili moyo. Anazula kapaipi, nayamwa, nalavula: petulo akubwera. Anamasula pulagi imodzi, naigunditsa pa injini, nauza mwamuna wina kuti apukuse handulo yolizira injini. Moto sunathetheke. Pamenepo anatsegula kachivundikiro kamene mawaya a mapulagi amakumanapo, nasuzumira. Pakati pake pamayenera kukhala kanthu kakuda kangati chala chachikulu, kogawira moto ku mapulagi, kamene amakanika amati rota. Panali pululu.

Rota sigwa yokha. Imachita kuzulidwa ndi zala.

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Mkazi wa a Morrison, mai Rabeka, anali atakhala pa mtondo patali ndi anthu, atafunda shawelo. Anali Mzezuru wa ku Muzvezve, mbadwa ya dziko lomweli, ndipo sabata yonseyo analira. Amayi awo anawauza kuti ku Dedza mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Nanga iwo, mkazi wochokera kutsidya kwa Zambezi, akafikira pakhomo pa yani? Zefaniya anayang'ana manja awo. Zala zinali bii.

Anapita chapafupi ngati wofuna madzi.

"Alamu, m'manjamo mwatani?"

"Mapoto, babamunini," anayankha osakweza maso, kumutchula mlamu m'chinenero chakwawo. "Ndakwecha, ndalongedza. Ngati tikupita, ngatiende. Ine ndatopa."

Zefaniya anagwedeza mutu. Mapoto! Iye ndi mwaye ankadziwana, girizi ankadziwananso naye. Anawamvera chisoni mayiwo, koma pang'ono chabe. Kumbuyo kwake a Nowa anali atayamba kale kuuza anthu kuti njinga zawo azipita nazo kwa wosoka nsapato, bola uyo amadziwa pamene pabooka. Zefaniya akangokhala chete lero, mawa m'komboni simudzakhalanso Injiniya, mudzangotsala mnyamata wa masipanala wa imvi kumutu.

Anabwerera pa galimoto, napukuta manja pa ovolosi, natsokomola kuti anthu amve.

"Abale anga, matenda ndawapeza. Injiniyi ilibe mlandu. Pali munthu pano amene..."

A Morrison anamugwira pamkono. Anamukokera kunsi kwa boneti, mitu iwiri pamodzi, ngati anthu oonetsana chovuta. Kenaka anatsegula thumba la jekete pang'ono. Rota inali momwemo, itakulungidwa mu hanki.

"Uwauze kuti chitsulo chake n'chosowa, n'choitanitsa ku Mangalande," ananong'ona. "Kwathu anandimetera maliro chaka chimene mgodi unagumuka, ndipo mkazi wanga wa kumeneko ali ndi ana asanu a mng'ono wanga wotsala kumudzi. Ndikalize hutala ngati ndani, mzukwa?"

Zefaniya anatola sipanala, nawerama, nayamba kumasula pulagi yachiwiri, imene inalibe vuto lililonse.