Tsiku Lobweza Ovolosi

Girisi anatsegula kabati yake yachitsulo n'kuyamba kutulutsa katundu. Kapu yothyoka chogwirira, kachidutswa ka sopo, nsapato zonona mafuta, zonse ankangoponya m'jumbo. Dzina lakuti Girisi anamupatsa ndi anzake a m'galajamo, chifukwa chiyambireni kukonza mabasi, palibe amene anamuonapo zikhadabo zili zoyera.

Koma m'mawa umenewo palibe anamuitana dzinalo. Ngakhale moni weniweniyo anamumana. Amakanika anali pa benchi yawo yomwera tiyi, ndipo iye atangolowa, nkhani inaduka ngati lamba wa injini. Pamalo pake, kumapeto kwa benchi pafupi ndi zenera, wina anali ataikapo batire yakufa.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero kwa wowotcherera zitsulo, mchimwene wa mkazi wake, yemwe anamupezera ntchitoyi kalekale.

Mlamuyo anauzira tiyi wake, maso ali pansi. "Ife tadzuka. Kaya ena ogona ndi zinsinsi."

"Chinsinsi chanji? Inenso nkhaniyi ndaimva dzulo lomweli."

"Dzulo!" Mlamuyo anaseka kuseka kopanda mano. "Nanga maulendo aja a ku ofesi munkakawotha dzuwa? Tikadandaula kanthu pa benchi pano, mawa lake bwana akudziwa kale amene wayankhula. Tinkati makoma ali ndi makutu. Kani makutuwo tinkamwa nawo tiyi!"

Mawuwo anamulasa Girisi. Ku ofesi ankapitadi, koma ankakadandaula za majeke otha, amene tsiku lina akanaphwanya munthu pansi pa basi. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma makanika wina wamtali anamudula.

"Mthirakuwiri alibe mboni. Longedzani, mutipatse mpweya."

Analongedza. Atatha anamanga jumbo lija.

Dzulo lake anali atachita chinthu chimene sanachitepo pa moyo wake. Anaima pamaso pa bwana, chipewa chili m'manja, n'kuchonderera ngati mwana.

"Bwana, ndisiyeni pomwe ndili. Ntchito imene ndimaidziwa ine ndi imeneyi basi. Mukandichotsa pansi pa basi, ndikhala munthu wanji?"

Bwanayo sanadzutse n'komwe mutu. "Akuluakulu agamula kale. Mawa mubweze zida ndi ovolosi."

Tsopano mawa lija linali litafika. Girisi ananyamula bokosi la zida kupita nalo pa zenera la kusitolo. Wa kusitoloyo, nkhalamba imene ankagawana nayo fodya, inatulutsa sipanala iliyonse n'kuitembenuza uku ndi uku ngati ikufufuza wakuba.

"Madala, mpaka kundichita chonchi?"

"Masiku ano munthu sadziwika," inatero nkhalambayo, n'kumulanda ovolosi ija ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha.

Pobwerera anadutsa pa basi imene anaisiya dzulo injini ili yasa. Makanika wamtali uja anali atalowa kale pansi pake, akumanga mabawuti mosemphanitsa. Khutu la Girisi linamva kulira kwa chitsulo chokakamizidwa, ndipo anangozindikira wagwada pambali pa basiyo.

"Achimwene, yambani ndi lapakatilo, mukatero muthyola..."

"Chokani apa! Si zanunso izi."

Anadzuka pang'onopang'ono. Galaja yonse inali itasiya ntchito, ikumuyang'ana. Awa anali anthu amene anamunyamulira bokosi la maliro a bambo ake, amene ana awo ankamutcha amalume. Lero nkhope zawo zinali gwa, ngati zitseko zotsekedwa ndi loko.

Mlamu wake anabwera n'kuima patsogolo pake, chigoba chowotcherera chili pamphumi.

"Mukamuuze mlongo wanga kuti kwathu azibwera yekha. Pa ukwati wa mwana wanga mpando wanu palibe. Ndinakutolani mukuyendayenda m'misewu, ndinakuphunzitsani kugwira sipanala, lero malipiro ake ndi amenewa?"

"Alamu, ine sindinapemphe zimenezi."

"Nanga munakana?"

"Ndinakana! Mukafunse!"

"Tikafunse ndani? Mnzanu wa ku ofesiyo?"

Wina analavula pansi, malovu n'kugwera pafupi ndi nsapato yake. Wina anamenya hamala pa chitsulo, mnzake n'kulandira, mpaka galaja yonse inadzaza phokoso lomuperekeza ngati akuthamangitsa galu wakuba. Girisi anakumbatira jumbo lake. Anali atavala malaya oyera amene mkazi wake anamusitira, ndipo m'malayamo ankadziona ngati ali maliseche.

Anayenda osacheuka. Anadutsa maenje okonzera mabasi, anadutsa mulu wa matayala, anadutsa mpopi umene ankasambapo m'manja madzulo aliwonse akuseka ndi anzake. Atafika pa chitseko chachikulu anaima pang'ono. Kunja dzuwa linali likuwala, ndipo geti linali chitsegukire. Mumtima analakalaka atangotuluka, osadzabweranso.

Koma kunyumba kunali ana. Anakhotera kumanzere n'kukwera masitepe opita ku kachipinda ka magalasi kamene kamayang'ana galaja yonse kuchokera pamwamba. Bwana anali akumudikira pakhomo, dzanja atatambasula.

"Takulandirani, a kapitawo atsopano! Mpando wanu ndi uwo. Tikuchepetsa anthu, ndiye muyambe ndi wowotcherera uja. Poti ndi mlamu wanu, akamva bwino kuchokera kwa inu."