Amman pa Foni ya Sumaya

Tsiku limenelo Sumaya anayenera kukhala ali ku Amman, likulu la Jordan, ndi amuna ake, a Ridwan. M'malo mwake anali pasofa kunyumba kwake ku Wheaton akusunga eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wachisilamu amabindikira amuna ake akamwalira.

Hala, mnzake wa ku Jordan, anakana kuti ulendowo ufe. Anamuimbira pavidiyo n'kumakwera naye masitepe a mumzindawo, ali wefuwefu.

"Tafika pamwamba," anatero Hala. "Zipilala zakale zija ndi izi. A Ridwan ankati adzajambulitsa pano."

"Taonani kukongola kwake," anatero Sumaya, akupendeketsera foni kudzanja lamanja, kumene amuna ake ankakonda kukhala.

Zipilala zija anazionetsa kwa chisoti chopempherera cha a Ridwan, chimene chinali chikadali pasofapo pomwe iwo anachisiya.