Chipinda cha Kabawi

"Mita ikuthamanga, eyakoni ya kuchipinda kwako izime," anatero mkazi wa Kaputeni Salim, akulanda rimoti kwa Felister, wantchito wawo. Chiikireni mamita a magetsi m'nyumba za asilikali, banja lopyola muyezo linkalipitsidwa.

Masana amenewo chipinda cha Felister chinatentha ngati ng'anjo, ndipo kunja kunali koletsedwa chifukwa cha kolona. Felister anakoka matiresi n'kukayala m'chipinda chozizira cha kabawi woweta wa bwana.

Kaputeni anamupeza momwemo.

"Ukutani muno? Yalla, fulumira, tuluka!"

"Sindituluka, bwana," anayankha Felister. "Magetsi ndikusunga ndithu. Koma nanenso ndimapuma ngati mbalameyi."

Kabawi anakupiza mapiko mwamantha. Kaputeni anakuwira mkazi wake.

"Kamuyatsire eyakoni yake msanga! Mbalame yanga ingadwale."