Ayezi wa Mango Amene Anapinda Sipuni

Panali munthu wina, mayi wa ana atatu, amene anatsuka mbale pa lesitilanti ina kwa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka manja kuchita kung'aluka ndi sopo. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi, kuchoka pasinki n'kukhala mmodzi wa ophika. Koma mkulu wa ophika, amene anzake ankamutcha Achipewa chifukwa cha chisoti chake chotalika ngati ndowa, sankafuna n'kumva komwe.

Nyengo yotentha itafika, mayiyu anabwera ndi kabakuli ka ayezi wofewa wa mango, uja ena amati sobeti, amene ankapangira ana ake kunyumba. Achipewa analawa, analawanso.

"Mwapanga bwanji zimenezi, mayi?"

"Mango akupsa, shuga ndi mandimu pang'ono. Mupukuse, musefe, muthire m'mbale yosaya. Koma chachikulu n'chakuti pakatha theka lililonse la ola muzitulutsa mufiliji n'kutakasa ndi foloko, mpaka kanayi."

"Zotakasazo n'za inu a mafiliji otopa," anatero Achipewa akuseka.

Tsiku lomwelo, opanda n'manyazi omwe, ananyamula kabakuli kaja kupita nako kwa bwana, mwini lesitilanti, n'kunena kuti ndi luso lawo. Bwana anakondwa. Anati Loweruka kuli phwando la mwana wake wamkazi amene wamaliza maphunziro, ndipo alendo makumi asanu adzalawe zimenezo. Mayi uja anamva zonse ali pasinki. Mtima unamuwawa, koma akanadandaulira ndani, poti wotsuka mbale akalankhula anthu amangoti ndi nsanje?

Loweruka m'mawa Achipewa anathira mango onse m'chidebe chakuya. Shuga anachepetsa, ati anthu ophunzira sakonda zotsekemera. Anaika chidebecho mufiliji, anatseka, n'kukakhala pakhomo kuseweretsa foni.

Masana, dzuwa likuswa mtengo, alendo anamaliza kudya n'kuyamba kudikira choziziritsa kukhosi chimene bwana anali atachilengeza kale. Chidebe chija chinatuluka chili gwa ngati njerwa. Achipewa anakanikiza sipuni, sipuni inapindika. Anatenga ina, nayonso chimodzimodzi. Bwana analowa kukhitchini thukuta lili kamukamu.

"Anthu akudikira! Luso ndi lanu, konzani!"

"Filijiyi ndi imene yatilakwitsa, bwana."

Apo mayi uja anapukuta manja.

"Bwana, ndipatseni mphindi makumi awiri."

Anaviika chidebe m'madzi ofunda, chiayezi chonse chinasololoka. Anachikulunga m'nsalu yoyera, n'kuchiphwanya ndi nyundo yosinjira nyama. Zidutswazo anazipukusa pang'onopang'ono m'makina opukusira zipatso, akuthira madzi a shuga ndi mandimu, akulawa. Posakhalitsa timakapu tinayamba kutuluka, ayezi ali wofewa, akununkhira mango okhaokha.

Kuholo kunangomveka kulira kwa masipuni. Agogo ena anaitanitsa kachitatu. Mwana wa bwana anathamangira kukhitchini, gauni ili m'thupi.

"Adadi, wapanga zimenezi ndani?"

Bwana anatembenukira kwa Achipewa.

"Tandiuzani kaye, chinalakwika n'chiyani?"

Achipewa anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi.

"Sanatakase, bwana," anatero mayi uja mofatsa. "Ndinawauza kuti kanayi."

"Ndiye kabakuli kaja kanali kanu?"

"Kalembedwa dzina la mwana wanga kunsi. Ndi kamene amatengera chakudya kusukulu."

Bwana anaitanitsa kabakuliko, anakatembenuza, anawerenga, n'kupukusa mutu. Kenako anagwira mayi uja dzanja kupita naye kuholo, ndipo anthu makumi asanu anaimirira n'kumuombera m'manja. Mayiyo analira poyera, chimwemwe chitamusefukira. Lolemba anapatsidwa epuloni yoyera, nayamba ntchito ya ophika. Achipewa sanachotsedwe, koma bwana analamula kuti tsiku lililonse lopanga sobeti, foloko azigwira ndi iwowo, mayi uja akuwerenga mpaka kanayi.

Phunziro: Ukaba luso la mnzako umangoba mawu, manja ake amatsala nawo yekha. Ndipo wokulangiza usamuyeze ndi ntchito imene akugwira, mvetsera mpaka amalize. Tumizirani abale ndi anzanu akuntchito, makamaka uja amene anthu samuwerengera, kuti asataye mtima.